Ndinawaveka Nsanza ndi Manja Anga

1

Ku ofesi kwathu kuli thumba limene sitilichapa. Limakhala kuseri kwa kabati ya mafayilo, lomanga ndi waya kukamwa, ndipo ukafuna kulimasula umayamba watsekula mawindo onse. Muli malaya ong'ambika m'khwapa, mabuluku opanda zipi, madiresi awiri omwe mtundu wake sudziwikanso, ndi juzi imene makoswe anaswereramo. Fungo lake ndi la thukuta la anthu osawerengeka, mkodzo wakalekale ndi chinyontho. Ndinalimasula kwa zaka zinayi, ndipo mpaka lero ndikangolikumbukira malovu amadzadza m'kamwa.

Ndife bungwe lothandiza anthu osowa pokhala, aja amagona m'makhonde a masitolo, pansi pa milatho ndi kuseri kwa depoti ya mabasi. Mkulu wa bungweli ndi amuna anga, ndipo kuntchito ngakhale ine ndimawatchula kuti Abwana. Yanga ntchito ndi kulemba anthu m'kaundula ndi kuwakonzekeretsa kujambulidwa. Musaganize kuti sitithandiza. Tiyi timapereka, buledi timapereka, sopo ndi mabulangete timagawa ndithu. Koma anthu akufuna kwabwino amene amatitumizira zinthuzi ali kutali, ndipo amafuna kuona ndi maso awo. Amafuna zithunzi ziwiri za munthu aliyense, china asanathandizidwe, china atathandizidwa.

Vuto ndi lakuti anthu ambiri a mumsewu saoneka momwe othandizawo amayembekezera. Munthu amagona pakatoni, inde, koma m'mawa amasamba pampopi wa kumsika, kupesa, n'kubwera atavala shati yake yokhayo yoyera. Chithunzi chotero, Abwana amati, sichigwetsa msozi. Ndiye timamuvula zakezo, kumuveka za m'thumba, kumupaka fumbi m'miyendo ndi kumukhazika pakhoma lakuseri pomwe pulasitala inagumuka. Wojambula akatha, timamuveka jekete yabuluu ya bungwe, kumupatsa kapu m'manja n'kumuuza kuti amwetulire. Zithunzi zonse ziwiri zimatheka tiyi asanazizire. Jeketeyo timamuvulanso, chifukwa ndi imodzi yokha ndipo pamzere pamakhala ena.

Zonsezi ndinkazichita uku ndikuseka nthabwala ndi wojambula. Ndanena dala, kuti mudziwiretu mtundu wa munthu amene akukulemberani.

2

Chaka chatha othandiza athu anatimangira nyumba yogona amayi, ya mabedi khumi ndi awiri, yamalata osadontha ndi bafa la mkati. Anatumizanso lamulo lolembedwa papepala: bedi lipite kwa mayi amene alibe m'bale aliyense wamoyo. Amene ali ndi abale, iwo anati, tiwabwezere kwa abale awowo. Lamuloli silinali loipa, ndipo ine ndemwe ndinalimata pakhoma pamwamba pa desiki yanga.

Alendo ochokera kwa othandizawo anali kubwera Lachisanu kudzatsegulira nyumbayo. Pofika Lolemba mabedi khumi ndi limodzi anali atapeza eni ake, koma Abwana sankagona tulo. Ankafuna nkhope imodzi yoika pachinsalu chachikulu cha pageti, ndipo pa amayi onse aja palibe anawagwira mtima. Uyu ati wanenepa kwambiri, uyu ati mano ake ndi abwino mopitirira, uyu ati amaseka zilizonse. Amuna anga ndi munthu woti akaima pagulu n'kuyamba kulankhula za osauka, mawu amanjenjemera ndipo kansalu kopukutira misozi kamatuluka panthawi yake yeniyeni. Akangolowa m'galimoto amafunsa ngati msozi unaoneka bwino pakamera.

Amene anatipezera munthu ndi mayi wotiphikira tiyi, yemwe tonse timamutcha Awailesi chifukwa pakamwa pake sipazima. Anati kuseri kwa depoti kuli mayi wina wachikulire amene amasokerera anzake zovala ndi singano yapamanja, ndipo kumeneko amamutcha Atelala. Anati mayiyo akutsokomola chifuwa choipa, mvula yayandikira, ndipo khonde limene amagonapo aligula ena ofuna kuikapo zitsulo. Wojambula anafunsa chifukwa chake sitinamuonepo pamzere wa tiyi.

"Amakana," anatero Awailesi. "Akuti tiyi wa kuno amanunkha kamera."

Tonse tinaseka, ndipo ine ndinaseka kuposa onse. Abwana anati akamutenge, ngakhale pomunyengerera. Awailesi anapita kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anamuuza mosabisa kuti akakhala pakhonde paja mvula ino sadzaiona kutha kwake.

3

Anabwera Lachitatu m'mawa. Ndinali nditawerama kufunafuna cholembera pansi pa desiki, ndiye choyamba kuona chinali mapazi: nsapato zapulasitiki zosokedwa ndi ulusi wakuda, masitichi ang'onoang'ono ofanana ngati a makina. Masitichi amenewo ndinawadziwa ndisanadzutse mutu.

Anali ataonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. Koma diresi yawo inali yochapa, yopanda khwinya ndi limodzi lomwe, ndipo tsitsi laimvi linali lolukidwa bwinobwino mizere isanu ndi umodzi. Awailesi anati diresiyo amaiyala pansi pa katoni pogona kuti iwongoke. Mayiwo anayang'ana ofesi yonse pang'onopang'ono. Maso awo anaima kanthawi pa makina osokera amene ali pakona, omwe timawajambula chaka chilichonse monga umboni wakuti timaphunzitsa amayi luso lamanja, ngakhale palibe anawapondapo chiwabweretsereni. Kenako anayang'ana ine.

"Mwadzuka bwanji, madamu?" anatero, uku akupinda mawondo pang'ono monga amachitira onse obwera pamzere.

Ndinayankha, koma sindikudziwa kuti mawuwo anatulukira pati. Mayi ameneyu ndinkamudziwa, nayenso ankandidziwa kuposa munthu wina aliyense padziko. Akanangotsekula pakamwa pamaso pa Awailesi, pofika masana tauni yonse ikanadziwa, ndipo ulemu wanga, bungwe la amuna anga ndi chithunzi chathu chomwetulira pakalendala zikanathera pomwepo.

Ndinatenga fomu. Zaka, anayankha. Matenda, anayankha. Komwe amagona, anayankha. Funso lachisanu ndi chiwiri ndi lija la lamulo: kodi muli ndi m'bale wamoyo? Ndinaliwerenga maso ali papepala. Nditadzutsa mutu, maso awo anali pa ine. Wotchi ya pakhoma inamveka kugunda, Awailesi anatsokomola, ndipo mayiwo anapitiriza kundiyang'ana osaphethira, ngati akudikira kuti aone chimene dzanja langa lichite. Dzanja langa linalemba kuti alibe. Ndinadziuza kuti ndikuwachitira chifundo, poti popanda mawu amenewo bedi sakanalipeza.

Abwana analowa ndili pakati podinda chidindo. Anaima pakhomo, nkhope inasintha kamphindi kochepa, kenako inabwerera m'malo mwake. Anawapatsa moni wa manja awiri monga amachitira ndi aliyense pakakhala anthu, n'kuuza wojambula kuti mawa akonze kamera yaikulu.

Madzulo tikupita kunyumba ndinadikira mpaka titadutsa mphambano yachiwiri.

"Mwawaona?" ndinafunsa.

"Ndawaona."

"Ndiye titani?"

"Nkhope imene ija ndi imene ndimafuna," anatero, maso ali pamsewu. "Masaya aja, maso aja. Chinsalu chapezeka."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Iwo anapitiriza kunena kuti Mulungu watipatsa mwayi wowathandiza mwaulemu, kuti bedi ndi bedi, ndipo ngati wina adziwa zakale, amayi khumi ndi mmodzi aja nawonso abwerera kumsewu chifukwa othandiza sachedwa kutseka dzanja. Anandifunsa ngati ndikufuna kusenza mlandu umenewo. Kenako anaimika galimoto kuti agule nthochi, ndipo anatsutsana ndi wogulitsa kwa nthawi yaitali kuti zina zinali zobiriwira. Ndinawayang'ana pawindo, munthu amene ndagona naye bedi limodzi zaka makumi awiri.

4

Lachinayi ndinayesa kuzemba. Ndinati mutu ukundiwawa, Awailesi awakonzekeretse okha. Abwana anakana. Anati Awailesi ali ndi mtima wofewa, amapaka fumbi ngati akupaka mwana mafuta, ndipo chithunzi cha pachinsalu chimafuna dzanja lodziwa ntchito. Dzanja lodziwa ntchitolo linali langa.

Tinalowa awiri m'kachipinda kosinthira, momwe muli benchi imodzi ndi galasi losweka pakona. Ndinakoka thumba lija n'kulimasula. Fungo linadzadza m'chipindamo, ndipo mayiwo anayamba kutsokomola mpaka kugwira khoma. Ndinawafotokozera monga ndimafotokozera aliyense, mawu omwe ndinawaloweza kalekale, kuti ndi kanthawi kochepa, kuti ndi njira yokhayo yoti othandiza amvetse mavuto awo. Anavula diresi yawo, kuipinda mwaluso manja mkati, n'kuiika pabenchi. Nthiti zawo zinkawerengeka.

Ndinasankha diresi yoipa kuposa inzake. Asanaivale anaitembenuza kuona msoko wa m'mbali, n'kupukusa mutu pang'ono, kaya chifukwa cha litsiro kaya chifukwa cha amene anaisoka. Ndinagwada ndi mbale ya fumbi losakaniza ndi phulusa ndi kuyamba kuwapaka m'miyendo. Khungu lawo linali loyera, lopakidwa timafuta, ndipo fumbi linkakana kugwira. Ndinachita kulavulira m'manja mwanga kuti limatirire. Inde, ndinatero.

Wojambula anasuzumira pakhomo n'kunena kuti tsitsilo silingatheke, likuoneka ngati la munthu wopita ku ukwati. Anatseka chitseko. Ndinaima kumbuyo kwawo n'kuyamba kumasula mizere ija. Pofuna kuti zithe msanga ndinkachita kuzula. Pa mzere wachitatu mutu wawo unagwedezeka, ndipo analankhula motsitsa, maso ali pagalasi loswekalo.

"Pang'onopang'ono, iwe. Ine sindinkakukoka chonchi."

Ndinakhala pabenchi pafupi ndi diresi yopindidwa ija.

5

Tsopano ndikuuzeni zimene ndakhala ndikuzizungulira. Atelala ndi akulu anga, bere limodzi.

Mayi athu anamwalira ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, akulu angawo ali ndi khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Bambo sitinawadziwe bwino. Akulu anga anasiya sukulu n'kukakhala pakhonde la sitolo ina ndi makina obwereka, kusoka mayunifolomu a ana a eni ake kuti ine ndivale yanga. Ndi iwo ankandisambitsa, kundichotsa nsabwe, kundiluka tsitsi Lamlungu lililonse nditakhala pakati pa miyendo yawo. Amuna awiri anawafunsira n'kubwerera atamva kuti mkaziyo amabwera ndi kamng'ono kake. Anadzakwatiwa mochedwa, ine nditamaliza maphunziro, ndipo mwana sanakhale naye. Diresi yanga ya ukwati anasoka ndi iwo.

Alamu anga atamwalira, akulu anga maso anali atayamba kuchita chifunga, makasitomala anathawira kwa matelala achinyamata, ndipo mwini nyumba anawatulutsa. Anabwera kwathu ndi makina awo aja, omwe tsopano anali awoawo, n'kukhala m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini. Zaka ziwiri anatichapira, kutisitira ndi kutilerera ana. Amuna anga ankawatcha alamu pamaso, koma kuchipinda ankati nyumba yachepa.

Nthawi imeneyo bungwe linali litangoyamba, ofesi yake inali tebulo lathu lodyera. Tsiku lina kunabwera lole yoyamba ya thandizo, itadzadza mabelo a mabulangete ogawira anthu ogona panja. Kumwamba kunali kutada, ndipo posungira tinalibe. Amuna anga anayenda nyumba yonse, kuyeza ndi maso pabalaza ndi pakhonde, n'kukaima pakhomo la kachipinda ka kuseri kaja. Anati ndi kouma, kali ndi loko wabwino, ndipo othandiza akadzabwera ayenera kupeza katundu wosungidwa mwadongosolo. Anati iwo sangalankhule ndi alamu awo nkhani yotere, ndilankhule ndine.

Ndinalankhula. Ndinawauza akulu anga kuti ndi masabata awiri okha, mabulangete akagawidwa abwerera. Anandifunsa kuti apite kuti. Ndinati anzawo ndi ambiri, sangasowe wowasunga masiku ochepa. Anayang'ana mabelo akulowetsedwa, anyamata a lole akuponda mphasa yawo, n'kufunsa ngati angatengeko bulangete limodzi. Amuna anga anati ayi, amenewo ndi a anthu osowa pokhala, ndipo alembedwa kale. Makina anawasiya chifukwa sakanatha kuwasenza.

Masabata awiri atatha kunabwera lole ina. Akulu anga anafika pageti katatu, ndipo katatu konse ndinauza mlonda kuti anene kuti ndachokapo. Ulendo womaliza ndinali kuseri kwa katani, imene anasoka okha, ndikuwaona akubwerera. Patapita miyezi tinasamukira kunyumba yaikulu mbali ina ya tauni, bungwe linapeza malo akeake ndi antchito atsopano, ndipo ofunsa ndinkawauza kuti akulu anga anapita kumudzi. Kumudzi kwake kuti, poti tonse tinabadwira m'tauni momwemo?

Musandichepetsere mlandu poganiza kuti sindinkadziwa komwe anathera. Chaka chachiwiri ndinawaona pafupi ndi depoti, atakhala pakatoni akusoka thumba la munthu. Galimoto inali itaima pamzere. Ndinatulutsa foni m'chikwama n'kuyamba kuwerenga mauthenga akale mpaka tinadutsa.

Umu ndi momwe zinakhalira kuti mayi amene anandilera anagona pakhonde zaka zisanu, chifukwa chipinda chake tinasungiramo mabulangete a anthu ogona pakhonde. M'kachipinda kosinthira muja ndinafuna kunena kanthu, koma wojambula anagogoda kuti dzuwa likusuntha. Akulu anga anamasula okha mizere yotsalayo, kunyankhalaza tsitsi ndi zala zawo, n'kutuluka kukakhala pakhoma logumuka lija. Wojambula anati chiyambireni ntchito sanajambulepo chithunzi chokoma chotero.

6

Lachisanu chinsalu chinali chitapachikidwa pageti, chachitali kuposa munthu. Akulu anga anali pamenepo, tsitsi lili nyankhalala, miyendo yotuwa ndi fumbi la manja anga, ndipo pansi pake panalembedwa zilembo zofiira zakuti ALIBE ALIYENSE. Awailesi anaima nane kuchiyang'ana. Anati n'zodabwitsa, chipumi cha mayiyu ndi changa ngati anachita kudinda ndi chidindo chimodzi. Ndinati anthu amafanana, n'kumutuma kukaona ngati madzi awira.

Alendo anafika anayi. Wowatsogolera anali mayi wamtali wa imvi, ndipo ndinene zoona, anali munthu wabwino. Sananyansidwe kugwira anthu manja, anakhala pabedi lililonse kuyesa matiresi, ndipo anafunsa ngati mawindo amatsekeka bwino nthawi yozizira. Ubwino wakewo unandipweteka kuposa chipongwe. Abwana analankhula theka la ola, mawu ananjenjemera pomwe amanjenjemerera, kansalu kanatuluka. Anati m'dziko muno muli anthu ouma mtima amene amataya abale awo ngati zinyalala, ndipo bungwe lathu ndi limene limawatola. Anthu anaomba m'manja, ine ndinaomba nawo.

Kenako mlendoyo anapempha kuonana ndi mayi wa pachinsalu. Akulu anga anabwera atavala diresi yawo ndi jekete yabuluu pamwamba, tsitsi atalilukanso. Mlendo anawagwira manja onse awiri n'kulankhula m'chilankhulo chake, Abwana akumasulira. Anati chithunzi chawo chamuliritsa. Anati iye ali ndi mng'ono wake amene amakangana naye tsiku ndi tsiku, koma sangathe kuganiza zokhala padziko popanda iye. Ndiye anafunsa, ndipo Abwana anachedwa pang'ono asanamasulire, ngati n'zoona kuti alibiretu m'bale ngakhale mmodzi.

Ndinali nditaima masitepe atatu kuchokera pomwe anali, nditanyamula thireyi ya makapu. Akulu anga anatembenuza mutu n'kundiyang'ana, osati mwachangu, koma mpaka anthu ena anatembenuka kuona chimene akuyang'ana. Mumtima ndinati basi, zathera pano, ndipo chodabwitsa n'chakuti mbali ina ya mtima womwewo inkafuna kuti anene, kuti chithupsa chiphulike.

"Ndilibe," anatero.

Mlendo anafunsanso kuti onse anamwalira kodi.

"Ndinali naye mmodzi. Ndilibe."

Sananene mokwiya kapena molira. Ananena monga munthu amanenera kuti shuga watha. Abwana anamasulira mawu omaliza okhawo, mlendo anawakumbatira, wojambula anajambula, ndipo akulu anga anapatsidwa kiyi wa kabati ya bedi la khumi ndi chiwiri, la pafupi ndi windo. Ine ndinaika thireyi pansi n'kupita kukadzitsekera m'chimbudzi.

7

Ndinapulumuka, koma chakudya chinasiya kutsika. Lamlungu masana ndinawauza amuna anga kuti ndikufuna akulu anga abwere kunyumba, poti zipinda tsopano zilipo zosagonamo munthu. Anatsitsa nyuzipepala n'kundifunsa ngati chinsalu chija tichitsitse, ndi zimene tikawauze alendo amene zithunzi apita nazo kale kwawo. Anati munthu ali pabwino, akudya katatu, akumwa mankhwala, ndiye ine ndikufuna kusokoneza chifukwa chongofuna kumva bwino mumtima. Anakwezanso nyuzipepala yawo.

Lachiwiri masana, amayi ena atapita kukaothera dzuwa, ndinalowa m'nyumba yogonamo. Akulu anga anali pabedi lawo akupinda m'munsi mwa katani ya pawindo, nkhope ili pafupi kwambiri ndi singano. Anati amene anasoka makataniwo ayenera kuti anali ndi ngongole ya tulo. Ndinatseka chitseko n'kugwada pasimenti.

"Akulu," ndinatero. Mawu amenewa ndinali ndisanawatchule zaka zisanu. "Ndalakwa. Mawa ndikanena zonse. Ndiwalembera alendo aja, ndiwauza Awailesi, ndiuza aliyense kuti ndinu akulu anga."

Anamaliza sitichi, kuluma ulusi ndi mano, n'kubaya singano pakolala ya diresi yawo.

"Ukanena, lamulo lija likuti chiyani?"

Lamulolo ndinkalidziwa bwino. Ndinalimata ndekha pakhoma.

"Likuti wokhala ndi m'bale abwerere kwa m'bale wakeyo," anatero. "Amuna ako avomera?"

Ndinayang'ana pansi. Iwo anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene amayembekezera. Anati ngakhale akanavomera, kwathu anagonako kale, ndipo akudziwa kuti kumakhala bwino mpaka tsiku lobwera lole. Anati zaka zisanu aphunzira kugona diso limodzi lili tcheru chifukwa cha anyamata oledzera ndi alonda a zikwapu, ndipo sabata ino ndi yoyamba kugona mpaka kutulo kwenikweni. Chifuwa chayamba kuphwa. Windo limatsekeka. Anasisita bulangete la pabedipo ndi chikhatho, limodzi mwa aja omwe amabwera m'mabelo.

"Unandilanda chipinda kuti anthu akutame," anatero. "Tsopano ukufuna undilande bedi kuti mtima wako upepuke. Ayi, mng'ono wanga. Katundu ameneyo senza wekha, ine ndatopa kukusenzera."

Ndinalira mpaka mamina, ndipo sanandigwire paphewa. Anadikira kuti ndimalize monga ankadikirira ndili mwana. Panja panamveka mapazi a amayi akubwerera. Akulu anga anasolola singano pakolala, n'kukweza mawu kuti olowawo amve.

"Dzukani, madamu, simenti ikudetsani siketi."

8

Papita chaka. Thumba lija ndinakana kuligwiranso, ndipo Abwana anangolipereka kwa wojambula, yemwe akuti fumbi amapaka bwino kuposa ine. Ntchito sindinasiye. Ena mwa inu munena kuti ndi mantha, ndipo mwina simukunama, koma desiki yanga ili masitepe makumi atatu kuchokera pabedi la khumi ndi chiwiri, ndipo ndi pokhapo pamene ndingamve ngati chifuwa chija chabwerera. Kunyumba ndimadya ndi amuna anga patebulo limodzi, ndipo ndikawaona akupemphera asanadye ndimayang'ana kumbali.

Inu owerenga, sindikukuuzani kuti musiye kupereka. Kuzizira kwa pakhonde ndi kwenikweni, ndipo bulangete limafunda ngakhale litadutsa m'manja onyansa ngati anga. Koma mukaona chithunzi cha munthu wansanza atalemba kuti alibe aliyense, musafulumire kulira. Munthu sagwa kuchokera kumwamba n'kudzatera pakatoni. Alipo amene anamutsekera geti, ndipo kawirikawiri ndi munthu wovala bwino, wodziwa kupereka moni wa manja awiri, amene mwina mumakhala naye benchi imodzi popemphera. Ndinkanyansidwa ndi amuna anga mpaka nditakumbukira kuti iwo anangoloza chipinda, wolankhula ndinali ine.

Ndinkaganiza kuti kuulula ndi chilango chachikulu. Chachikulu ndi kukanizidwa kuulula. M'mawa uliwonse akulu anga amadutsa pakhomo la ofesi popita kukatenga tiyi, amapinda mawondo pang'ono n'kundifunsa kuti madamu ndadzuka bwanji, ndipo ine ndimayankha kuti ndadzuka bwino, kaya iwo. Ngati mwa zimene ndalembazi mwatizindikira, ndikukupemphani ndi mtima wonse, ndinyozeni mumtima mwanu momwe mungathere koma pakamwa mutseke. Mvula yayambanso, ndipo bedi lija ndi lokhalo limene ali nalo.